Malo Ako pa Benchi

Filimoni, pa benchi yachitatu kuchokera kutsogolo
pali mpata wa munthu mmodzi.
Ndimaikapo chipewa changa
kuti wina asakhalepo.

Anthu akuti mowa wa ku Chikanda wakumeza.
Ena akuti ndi mphwako uja wa ku Chanco,
ati anakupanikiza ndi mafunso mpaka unasowa chonena.
Amayi ena akuti ndi ziwanda, tisale kudya.
Ine ndinalipo. Tsiku lake ndikulidziwa.

Linali Lachiwiri, mvula ya Febuluwale,
Likangala atasefukira m'madimba a anthu.
Unabereka Tiyese kuchokera ku Sadzi
chifukwa akabaza anakana matope.
Pa Central anati magazi achepa, dikirani.
Unadikira,
ukung'ung'udza nyimbo imene timayambira kwaya Loweruka,
mpaka namwino anakoka katani
osakuyang'ana kumaso.

Pamaliro mkulu wa mpingo anatsegula kaundula.
Anati khadi lako lachopereka
lili ndi miyezi isanu yopanda chidindo,
choncho kwaya ibwera, koma yosavala yunifolomu.
Wina anakugwira paphewa:
Mulungu wathyola duwa lake.
Unamuyang'ana, osayankha.
Ndinaona nsagwada zako zikulimba
ngati chitseko chofufuma ndi chinyezi.

Nanenso ndinalakwa, ndivomere.
Patatha masabata atatu ndinafika ndi mavesi asanu ndi awiri
olembedwa kuseri kwa bilu ya madzi.
Ndinakuwerengera onse, limodzilimodzi,
ngati kalaliki wa khothi.
Unandisiya ndimalize, kenako unati:
Watha, Gedioni?
Pobwerera sindinakwere minibasi.
Ndinayenda pansi mpaka ku Matawale,
manyazi ali pamutu ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Tsopano mavesi ndimawasiya kunyumba.
Ndimabwera Lachinayi ndi sowo ndi nyundo,
tikukhoma denga la khitchini lomwe mphepo inasasula.
Zakumwamba sitikamba.
Timakamba za mtengo wa misomali pa Mpondabwino,
za anyani otsika m'phiri kudzaba mapeyala,
za bondo lako lomwe layambanso.
Nthawi zina sitikamba kanthu,
Esinala amabweretsa tiyi wopanda mkaka,
timamwa tikuyang'ana kansapato kaja
kamene palibe walimba mtima kukachotsa pakhonde.

Dzana unamulalatira Mulungu, nyundo ili m'manja.
Unati anali kuti, unati wogontha,
unanena ndi zina zomwe sindingalembe.
Sindinatseke makutu.
Ndinakupatsira msomali wina.
Usiku ndinaganiza:
kodi munthu amakalipira nyumba yopanda anthu?
Koma sindinakuuze. Ndaphunzira.

Mwezi wa Juni nkhungu imakuta phiri lathu,
masiku atatu, anayi, osaoneka ndi mtengo womwe.
Mlendo wotsika basi amafunsa, phiri munkanena lija lili kuti?
Sitimukokera m'nkhungumo kuti akaligunde ndi mphumi.
Timangomubwereka juzi.
Sindikuti ndikudziwa zimene iwe ukuona, ayi.
Mwana wanga ali moyo, akudya, akuvuta.
Ndilibe pakamwa pokuphunzitsira.

Ku msonkhano wa akulu ndinaimirira,
miyendo ikunjenjemera,
ndinafunsa ngati chidindo chimalemera kuposa bokosi la mwana.
Anati nkhaniyo sinali pa ndondomeko.
Komabe mkulu uja, potuluka,
anandifunsa chapansipansi nyumba yako ili pati tsopano.
Akabwera, usamuthamangitse msanga.
Muyambe mwakhala pansi.

Esinala anandinong'oneza kuti Lolemba, ukumeta ndevu,
besi ija inatuluka yokha, mizere iwiri,
kenako unatsokomola n'kuimeza.
Sindinauze munthu.

Ukadzabwera, ndidzangochotsa chipewa,
sipadzakhala kuwomba m'manja kapena kukuimiritsa kutsogolo.
Ukapanda kubwera, Lachinayi ndifikabe.
Kwatsala malata awiri,
ndiponso sunandibwezere chezulo changa.