Msomali wa Pakhoma

Lero m'mawa ndamutsitsa.
Ndinatsamiritsa makwerero anga ogwedera aja
pakhoma la ofesi ya boma muno mu Toledo,
kunja chipale chofewa chili mbuu,
ndipo pulezidenti anatsikira m'manja mwanga
wopepuka ngati thireyi ya m'kantini.

Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikumupukuta kumaso
Lolemba lililonse, ndi kansanza konyowa.
Palibe nduna inamuyandikirapo chonchi.
Ndikudziwa pamene ntchentche inafera, m'mbali mwa tayi,
ndi dzino limene wojambula analiyeretsa mopitiriza.

Chaka choyamba wina anasiya maluwa pansi pake.
Chaka chachitatu wina anamulavulira pachipumi,
malovu a fodya, othimbirira.
Zonsezo wochotsa ndinali ine,
ndowa yake imodzimodzi.

Anati fakitale ya matayala idzatsegulidwanso.
Mlamu wanga Dwight anagula majombo atsopano
n'kuwaika kukhomo kuti adikire belu.
Akadali pomwepo. Akangaude aberekeramo kangapo.
Ukamufunsa Dwight amati wolakwa si mkuluyu,
anamumanga manja ndi a kunyumba ya malamulo.
Mwina. Ine kunalibeko.

Boma litatsekedwa pa mkangano wa bajeti
tinatha milungu osaona malipiro.
Ndinkabwerabe, kuopa mapaipi angaphulike ndi chisanu.
Nyumba yonse zii, ine ndi iyeyo basi,
iye akumwetulira,
ine ndikuwerengera ya lendi pachikhatho.
Ndinamufunsa mokweza: Bwana, inuyo mwadya?
Mawu anga anazungulira m'khonde n'kundibwerera.

Kenako mlandu uja:
makalata osowa, mafoni apakati pa usiku,
ndalama za kampeni zopanda mwini.
Kanema wa m'chipinda chopumira ankabwebweta tsiku lonse,
maseneta akulozana zala, madzi ali phee m'matambula.
Marlene wa zamisonkho ankakweza mawu,
Otis mlonda ankatsitsa,
mpaka kabatani kanathothoka.
Anthu amene ankanyemerana sangweji
anayamba kudyera aliyense m'galimoto mwake,
mawindo otseka.

Koma ndisaname.
Mankhwala a shuga a mkazi wanga
anatsika mtengo chaka chachisanu.
Ena amati ndi iyeyu,
ena amati anangosaina chophika anzake.
Mkazi wanga amangobaya jakisoni wake osafunsa.

Paphwando la Novembala, nkhukundembo ili patebulo,
mchemwali wanga Lorraine anaika foloko pansi:
Amene anavotera munthu ameneyu
asadye m'nyumba mwanga.
Ine ndinamuvotera koyamba, kachiwiri ayi.
Ndinadzuka theka,
mawondo opinda, dzanja pampando,
osadziwa ngati ndine wopita kapena wotsala.
Papita zaka zitatu.
Msana wanga ukadali chiweramire pomwepo.

Ndamutengera kuchipinda chapansi, kuseri kwa boila,
kumene kuli anzake anayi amene ndinawatsitsa kale,
nkhope zoyang'ana kukhoma, fumbi kumsana.
Aliyense wa iwo ankati atha nalo dziko,
aliyense ankati abwera kudzalipulumutsa,
malinga ndi amene wamufunsa.
Kumeneko sakangana.
Ndamutsamiritsa kwa amene ankamunyoza pamisonkhano
ndipo mafelemu awo akwanirana bwinobwino.

Pamwamba patsala chibanthu cha penti yowala
pamene dzuwa silinafikepo zaka zonsezi.
Chithunzi cha watsopano sichinafike,
akuti chachedwa ku positi.
Komabe olowa akukweza maso mwachizolowezi.
Bambo wina wachipewa chaubweya
waima, watukwana msomali, wapita.
Marlene ndi Otis ndawaona ataima limodzi
akuyang'ana pakhoma popanda kanthu,
woyamba kulankhula palibe.

Msomaliwo ndaugwedeza ndi chala.
Ukhoza kunyamulanso wina.
Ndapinda makwerero, ndatsanulira madzi m'ndowa,
pansi pali matope a nsapato za anthu onsewa.
Ndikaweruka ndimuimbira Lorraine.
Nambala yake ndikuikumbukira,
kupatula manambala awiri omalizira.