Lendi ya Mwezi wa Mawa

A Chimphonda abwera Lachisanu madzulo,
jekete la ku maliro paphewa, kalata m'manja.
Akuti nyumba yawo ya ku Area 25 yakwera mtengo.
Chipinda sichinakule, khonde ndi lomwe lija,
denga likudonthabe pamwamba pa wailesi,
koma lendi yokha yamera mapiko.

"Si ine, aphunzitsi," akutero akusisita bondo,
"boma likunditapa pa lendi yomweyi,
khonsolo ikufuna zake za malo,
simenti imafika itabereka kale msonkho kumsana.
Ndikapanda kutula pa inu, nditule pa yani?"

Ndawaonetsa pepala langa la malipiro.
Apa anadula ndisanaigwire n'komwe,
yotsalayo anaidulanso pa sopo, pa shuga, pa mayunitsi a magetsi.
Mbuzi imodzi, mipeni itatu.

Nachisale wa nyumba ya kuseri,
amene amawerengera ndalama kampani ina ku Kanengo,
waponya mawu pamwamba pa mpanda
manja ali thovu lokhalokha:
"Akanawapeputsira msonkho omanga,
nyumba zikanaphuka ngati bowa wa Januwale,
eni ake akanatithamangira ndi makiyi."

Ndamufunsa: opeputsiridwawo ndani?
Si omwe ali kale ndi mageti asanu ku Area 43?
Adzagula malo onse mpaka ku Mpingu,
ife tidzapeza mtengo wa puloti utakwera padenga.
Nanga chipatala cha Bwaila chidzagula mankhwala ndi chiyani?

"Mankhwala ake ati?" aseka a Chimphonda,
ndipo kwa kamphindi tonse atatu tili mbali imodzi,
tikuloza dzenje la pamsewu
lomwe lakwanitsa zaka zinayi, lokhoza kuyamba sukulu ya mkaka.

Magetsi azima mkangano usanathe.
Iwo apita, kalata yatsala patebulo
yatsamiridwa ndi kapu.

Mumdimamo ndikuwerenga ndi zala:
puloti yanga ya ku Chitedze,
maziko anafika m'mawondo chaka cha dzana,
lero mwamera chisoso, mbuzi za eni dera zimagonamo ulere.
Njerwa zikwi ziwiri zikundidikira,
mwezi uliwonse ndimaziuza kuti mwezi wa mawa.

Mwana wanga Tayanjana wafunsa ali pamphasa:
"Ababa, msonkho amakhala kuti?"
Ndati, gona mwanangu,
amakhala nafe konkuno,
ndiye yekha m'nyumba muno amene salipira lendi.