Kabokosi Kofufuzira

Madzi ataphwa ku Makhanga
tinapeza sutikesi ya bambo itakodwa mu mtengo wa masawu,
yotupa ngati mbuzi yofera m'dambo.
Mapepala ndinawayanika pamchenga, limodzilimodzi,
kamwala pamwamba pa lililonse,
kuti mphepo isamalize zimene Ruo anasiya.

Lero ndimachita lendi ku Bangula.
Malata a chipinda changa amakazinga munthu mu Okutobala,
ndiye ntchito ndimaigwira usiku,
batire ya sola isanayambe kulira.
Ndijambula pepala ndi foni,
ndilipatsa dzina, chaka, malo,
kenako ndiliponya m'nkhokwe imene ndinaluka ndekha pa intaneti
ndi laputopu yothyoka ngodya.
Chiswe sichidziwa njira ya kumeneko.

Muli malisiti a thonje a ku Ngabu,
makalata anayi ochokera ku migodi,
khadi ya kusikelo ya mlongo wanga Fulukiya
imene mzere wake unakwera, n'kukwera,
n'kuima pa mwezi wachikhumi.

Pamwamba pa zonsezi ndinaika kabokosi koyera:
lembamo liwu, nkhokwe ikuyankha.

Ndinayamba ndi Zuze.
Anatuluka mapepala asanu ndi awiri basi.
Koma bambo sanali ochepa choncho.
Kalaliki wa pamsika wa thonje anawalemba Juzi,
wansembe wa tsidya la Shire anawabatiza Joze,
kumgodi anali Josefe, ndi nambala kumapeto.
Sabata yathunthu ndinakhalira kuphunzitsa makina
kuti amuna anayiwa ankagona pa mphasa imodzi
ndipo chifuwa chimene chinawatenga chinali chimodzi.

Nkhokwe iyi imadya, musaione kufatsa.
Bandulo imatha chithunzi chili pakati pa ulendo.
Netiweki ndimakaisaka panjanji yakale,
foni m'mwamba ngati ndikuloza mvula.
Januwale aliyense amafuna lendi yawo eni malowo,
anthu amene sindinawaonepo nkhope.
Ndinakopera zonse m'mafulashi awiri:
ina ili m'botolo la mankhwala, yomangirira kudenga,
ina ndinatumiza kwa msuweni ku mapiri a Thyolo
kumene madzi amangodutsa.

Usiku wina ndinalemba Nyathando.
Kabokosi kanaganiza pang'ono.
Palibe chopezeka.
Ndinayesa Nyatando, ndinayesa Mai Zuze.
Palibe.
Mayi amene anakumba nyika m'matope chaka cha njala,
madzi ali m'chiuno, ng'ona zili chapafupi,
amene anatiwolotsa pabwato tonse asanu
osataya ngakhale mphika,
m'mapepala mazana atatu munalibe.

Ndinazimitsa. Udzudzu unandiimba mlandu mpaka m'bandakucha.

Mawa lake ndi pamene ndinachiona,
pansi pa fomu ya ngongole ya mbewu,
pamene analemba kuti mboni:
chidindo cha chala, inki yofiirira,
ndipo pakati pa mizere yake, kanjira koyera kopingasa.
Chipsera.
Ndinalipo tsiku limene bango linawacheka chala chimenecho,
ndine ndinang'amba nsalu yomangira.

Ndinabwerera kuyambira pepala loyamba,
osawerenganso mawu, kungoyang'ana m'munsi,
m'makona, m'malo amene kale ndinkadumpha.
Pa khadi ya Fulukiya chinalipo.
Pa kaundula wa chimanga cha thandizo chinalipo.
Kuseri kwa kalata yachitatu ya kumgodi,
pamene anasainira ndalama ku positi ofesi ya Chiromo,
chinalipo, chopendekera, ngati anali pachangu.
Pansi pa chilichonse ndinalemba dzina lawo,
zilembo zonse, ndi h yemwe.

Tsopano ukalemba Nyathando
zimatuluka zala khumi ndi chimodzi,
chala chimodzi chomwecho.

Mu sutikesi mwatsala mtolo wina
umene matope anaumata kukhala njerwa.
Ndayesa nthunzi ya ketulo, ndayesa lezala.
Madzulo ano ndasenda tsamba limodzi:
theka la deti, ndi mphepete mwa inki yofiirira.
Batire yayamba kulira.