Pachipata

Chaka chimene matenda analowa m'minda ya ku Te Puke
ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.
Bambo anayenda mzere ndi mzere m'munda wathu wa kiwi
akukhudza makungwa olira utomoni wofiira ngati dzimbiri,
kenako anakabwereka macheka a injini kwa a Pomare.
Anadula masiku anayi.
Usiku ankakhala m'galimoto pabwalo, injini itazima,
ife tikuwasuzumira pazenera.
Ndinafunsa mayi kuti chapha munda n'chiyani.
Iwo anati, kanthu kosaoneka ndi maso,
kanachokera kutsidya kwa nyanja,
pachipata sanakazindikire.

Basi ndinapita kukaphunzira za chipatacho.

Ku yunivesite, kum'mwera kozizira,
kumene mphepo imatsika m'mapiri n'kulowa m'manja mwa juzi,
anatipatsa maikulosikopu, singano zopyapyala
ndi mayina a Chilatini opinda lilime.
Dokotala Whitcombe, mayi wamfupi wosaseka msanga,
ankagoneka kachilombo pagalasi n'kunena kuti,
werengani ubweya wa pamwendo wakumbuyo.
Ndinalakwitsa kawiri.
Kachitatu ndinaona kusiyana kwa mlendo ndi mbadwa,
ndipo ndinatuluka m'kalasi maso akuwawa, mtima uli myaa.

Chaka chachiwiri anali masamu:
ntchentche imodzi yaikazi, chipatso chimodzi m'thumba la jekete,
chilimwe chimodzi chofunda,
wonkhetsani.
Chaka chachitatu malamulo,
ndi mmene ungaimire pakhomo pa mlimi
n'kumuuza kuti ng'ombe zake zonse zikaphedwa.
Phunziro limenelo linalibe mayeso.
Ndinkangoona galimoto ija pabwalo.

Tinamaliza khumi ndi asanu ndi anayi, n'kubalalika.
Rawiri ali pabwalo la ndege ku Auckland
ndi kagalu kamakutu ogwa
komwe kamamva lalanje limodzi pansi pa malaya makumi atatu.
Soo-ah amakhala mulabotale, magolovesi mpaka m'zigongono,
amanditumizira zithunzi za chuku ngati ndi ana ake.
Fergus ali m'nkhalango za kumpoto,
kuchonderera alendo kuti atsuke nsapato
asanaponde mizu ya kauri.
Ena amatsuka. Ena amamuyang'ana ngati wapenga.
Mereana amalemba malamulo ku Wellington
ndipo sakamba china koma kutalika kwa misonkhano.

Ine ndili padoko la Tauranga.
Ndimafika kusanache, tochi kumanja, khofi atazizira kale.
Makontena aima m'mizere ngati mzinda wopanda anthu.
Ndimagwada, ndimakwawa pansi pa mathirakitala akale,
ndimakanda dothi la dziko lina m'mipata ya matayala.
Masabata amatha osapeza kanthu.
Maondo a buluku langa ndiwo amasunga mbiri.

Lachiwiri lapitali, m'mphira wa chitseko cha galimoto,
anunkhadala asanu ndi awiri, phee, ataunjikana ngati mabatani.
Mmodzi anagwedeza nyanga.
Ndinatseka, ndinamata tepi yachikasu, ndinaimba foni.
Woyendetsa lole anayang'ana wotchi n'kutukwana chapansipansi.
Sindinamuyankhe. Manja anga ankanjenjemera,
sindikudziwa ngati anali mantha kapena chimwemwe.

Ntchito iyi ikayenda bwino sipachitika kanthu.
Maapulo amapsa. Njuchi zimabwerera kumng'oma.
Wina amagula zipatso kusitolo n'kudandaula za mtengo.
Palibe angakuthokoze chifukwa cha maliro amene sanachitike.

Loweruka ndinapita kwathu.
Pa zitsa zija bambo anamezanitsa mtundu wina,
ndipo masamba atsekanso thambo pamwamba pa mawaya.
Ndinawapeza atandidikira pachipata cha munda,
tsitsi lonse mbuu, beseni la mankhwala pambali pawo.
Ndinati, bambo, ndine mwana wanu,
ndili ndi digiri ya zimenezi.
Iwo analoza jombo zanga,
n'kundipatsa bulashi.