Kadontho ka pa Khwekhwelere

Pamsewu wowongoka ilibe mlandu.
Kuchoka pa Dedza boma mpaka pa Masasa
imayimba ngati mwana wokhuta,
matumba awiri a kachewere kumbuyo,
ine kutsogolo, chisanu chikundiluma zala.

Koma ikangofika pa Khwekhwelere,
pamene msewu umadzipinda potsikira ku Golomoti,
ndikangoipendeketsa kumanzere
imatsokomola kawiri,
kenako zii.
Kumangomveka matayala akunong'onezana ndi phula,
phompho lili pambali, kukamwa yasa.
Ndikaiwongola, ndikaiponda, yadzuka
ngati si iyo.

Lachiwiri inazima kanayi.
Mayi amene ndinawanyamula anatsika pa kona yachitatu,
nati ndalama yanu nayi, ana anga akadali aang'ono,
nauyamba wapansi, dengu pamutu.

Pa siteji aliyense ndi dokotala.
Lufeyo anati pulagi. Ndinagula pulagi.
Binwelo anati batire ikugwedera. Ndinaimanga ndi mphira.
Wina anati alipo amene sakukondwa nawe,
ndinati inde, mwini ngongole ya njingayi.

Ndiye ndinaikankhira kwa Yotamu, kuseri kwa chigayo.
Sanathamangire sipanala.
Anayamba ndi mafunso, ngati a pa mlandu:
kumanzere kokha, kapena konsekonse?
Potsika pokha? Nanga thanki ikadzaza?
Analiza injini ili chiimire,
nakhotetsa chiwongolero uku ndi uku.
Sinazime.
Si waya ameneyu, anatero, wodyeka akanadziulula pompano.
Anauzira kabowo ka mpweya pa chitsekero cha thanki,
nakapeza kotseguka.
Kenako anati gwira uko,
tinaigoneka pang'onopang'ono
monga mutembenuzira wodwala pamphasa,
injini ikulira,
ikulirabe,
khoo, khoo,
zii.

Anagwedeza mutu osandiyang'ana.
Anamasula kasikuluwu ka pansi pa kabuleta
natchera botolo la mankhwala a chifuwa.
Petulo anatsika chuu,
ndipo pansi pake, taona,
kadontho koyera, kozungulira ngati diso la nkhuku,
kokana kusakanikirana ndi mnzake.

Madzi awa, anatero. Amalemera kuposa petulo,
amagona pansi pa kambale osaputa munthu.
Iwe ukapendeka, nawo amagubuduka
nakatseka pakamwa pa jeti,
injini n'kumeza madzi.
Mafuta umagula kwa yani?

Apa ndinayang'ana nsapato zanga.

Mafuta ndimagula kwa mlamu wanga Zakeyu,
a m'mabotolo oyalidwa pa thabwa m'mbali mwa msewu.
Amandichotserako pa lita.
Amandikongoza mwezi ukakhala pakati.
Ndiye anagona nane pakhonde la chipatala
usiku umene Ndaziona anabadwa asanakwane masiku.
Mwina ndi mvula inalowa m'chigubu,
denga lake limadontha, ndikulidziwa.
Mwina ndi nkhungu ya kuno, imalowa paliponse.
Mwina.

Tinakhuthula thanki yonse, tinaiyanika padzuwa.
Yotamu analandira yake, ndi kabichi mmodzi pamwamba,
nandipatsa botolo lija, nati tenga, ndi lako.

Lero ndatsika Khwekhwelere ndi mphunzitsi ndi katundu wake,
kumanzere, kumanja, kumanzerenso,
bondo kutsala pang'ono kupsopsona phula,
injini osaphethira n'komwe.
Pa Golomoti ndinagula chimanga chootcha, ndinadya ndikuseka ndekha.

Madzulo pobwerera Zakeyu wandiona ndili patali,
wakweza dzanja, fanulo ali nayo kale,
mphwake wanga wamng'ono akumugwira thalauza.
Ndabweza giya.
M'thumba la jekete kadontho kaja kakugubuduka,
ndikukamva pa nthiti.
Ndaima, ndavula chipewa,
ndamufunsa ngati chifuwa cha mwana chinasiya,
ngati feteleza anamupeza,
ngati malata aja anawakhoma.
Iye akuyankha, dzanja lili pa chitsekero cha thanki yanga,
ine dzanja langa lili pamwamba pa lake.