Mizere Iwiri Pansi pa Chithunzi

Lachinayi usiku. Jenereta ikutsokomola kuseri kwa ofesi,
fungo la petulo lalowa mpaka mu tiyi wanga.
Yotamu waponya kakhadi ka kamera patebulo,
wapita kukagona ku Mchini, matope ali m'mawondo.
Wandisiyira zithunzi makumi asanu ndi limodzi,
chokhala ndi dzina palibe ndi chimodzi chomwe.

Ndasankha ichi:
mayi pakati pa Lunkhwakwa atasefukira,
njinga paphewa, chitenje wachikwinyira m'chiuno,
pakamwa pali yasa.
Kaya akuseka, kaya akulira, chithunzi sichinena.

Ndadula kumanzere kuti chikwane m'danga lake.
Mpeni wa pakompyuta sutulutsa magazi,
koma m'mphepete mwatsala kadzanja ka mwana
kogwira nsonga ya chitenje,
mwini wake ndamutaya kunja kwa tsamba.
Ndabweza. Mwana wabwerera.
Mtengo wa mango ndiwo wapita m'malo mwake.

Pansi pake ndakoka kabokosi.
Kamzere kakuphethira ngati munthu wodikira ngongole.
Mizere iwiri basi, atero a Shawa ali pakhomo,
ndipo uyambe ndi dzina la khansala,
ndiye anatithirira mafuta m'galimoto.
Koma khansala m'chithunzimu mulibe.
Anaima kumtunda, pouma, nsapato zili waliwali.

Ndalemba: Mayi wina akuwoloka mtsinje.
Ndafufuta.
Amake anachezera usiku kusankha dzina
kuti ine ndidzamutche wina?

Chaka chatha ndinasinthanitsa mayina awiri,
la wopambana pa chionetsero cha mbewu
ndi la malemu wa ku Chadiza.
M'mawa mwake bambo wina anatsika basi,
nyuzi ili m'kathumba ka pulasitiki:
Mwanawe, ndine ndinafa dzulo uja.
Sanakalipe. Anangopempha ya basi yobwerera,
poti kwawo anthu anali atayamba kusonkha nkhuni.

Ndakulitsa chithunzi, ndakulitsanso,
mpaka nkhope yasweka n'kukhala tinjerwa,
tofiirira, takuda, kena koyera pomwe panali dzino.
Dzina silikhala m'tinjerwa.
Koma kumbuyo kwa njinga, pakachitsulo ka kabaza,
pali manambala a penti yofiira, opendekeka,
seveni wooneka ngati khasu lothyoka.

Ndaimba. Wayankha munthu wa tulo m'mawu.
Njingayo ndi yanga, amenewo ndi alamu anga,
a Tikambenji Daka, amagulitsa tomato ku Kapata.
Mwanayo ndi Gelesomu, amapita naye kuchipatala,
thupi linatentha kuyambira Lachiwiri.
Ndafunsa: kodi amaseka?
Iye ndiye waseka, foni mpaka kukhosomola.
Kuseka? Amakalipira mnyamata wanu uja,
kuti taika pansi chakocho, undilandire mwanayu!

Ndakhala chete.
Mvula yayambanso kugogoda malata.
Zonsezi m'mizere iwiri sizingakwane:
kutentha thupi, tomato wosiyidwa pa benchi,
mawu amene kamera inameza osatafuna.

Ndachepetsa zilembo, a Shawa sazindikira.
Ndalemba: A Tikambenji Daka ndi mwana wawo Gelesomu
awoloka Lunkhwakwa kupita kuchipatala, Lachinayi m'mawa.
Ndawerenga chilembo chimodzichimodzi ndi nsonga ya bolopeni pagalasi,
monga amayi ankasankhira miyala m'nyemba.
Khansala ndamuika patsamba lachinayi,
pafupi ndi malonda a feteleza. Akapeza yekha.
Kumapeto, mwa tizilembo topendekeka:
Wojambula, Yotamu Miti.
Mawa ndimuuza zimene anauzidwa mumtsinje,
ngati madzi sanamutseke makutu dala.

Ndasunga fayilo kawiri, magetsi sakhulupirika.

Pofika Lolemba tsambali likhala pamsika,
likukulunga zitumbuwa zotentha.
Mafuta adzalowa pankhope ija mpaka kuoneka kuseri,
njinga idzang'ambika pakati.
Mwina mwana wa sukulu, akunyambita zala,
adzawerenga mokweza mzere wotsalawo,
ndipo mayi wina pa benchi ya tomato
adzatembenuka, adzati, Wawa, ndani wandiitana?