Madontho Khumi ndi Awiri

Ndanyamula mng'ono wanga m'kabotolo
kochepa ngati chala.
Osati yense ayi: madontho khumi ndi awiri.
Ndinawawerenga ndekha ku Ulongwe,
namwino atamuweramitsa mutu
ngati munthu wopepesa mlandu.

Zinayamba ndi matumba atatu a kachewere
panjinga yamoto, mumsewu wa ku Domwe.
Mchenga unamulanda chiwongolero.
Gerevaziyo anagwa, anadzuka, anaseka,
natola mbatata imodziimodzi m'fumbi.
Magazi anali ochepa. Tinati wapulumuka.

Sabata itatha, mphuno inayamba kudontha.
Yakumanzere yokha.
Chimfine cha mu Juni icho, anatero apongozi ake.
Koma chimfine chanji chosayetsemulitsa,
choyera ngati madzi a pamjigo,
chodikira kuti munthu awerame kumanga nsapato?
Rozita ndiye anazindikira pochapa:
mpango wa mamina umauma gwa,
koma wa mwamuna wake ukauma
umafewa ngati sunagwire kanthu.
Ndipo iye ankati kukhosi akumva mchere.

Ndiye ndili m'chapa, bokosi la ayezi pamiyendo,
lobwereka kwa mayi wogulitsa nsomba.
Tatsika phiri, kuzizira tatsanzikana nako.
Pa Moatize fumbi la malasha lalowa m'mano,
kondakitala akuti bokosi nalo lilipire mpando.
Ndalipira.
Dzuwa la ku Tete silimva kuti munthu ali ndi odwala;
ayezi akulira kale pathalauza langa.

Kulabotale kuli zii, firiji yokha ikung'ung'udza.
Dona Alibetina akweza kabotolo kuwindo,
akupendeketsa, akuyang'ana nthawi yaitali.
Akuti, ubongo sugona pafupa, bambo,
umayandama m'madzi akeake
monga mwana asanabadwe.
Kuseri kwa mphuno fupa lake n'chigoba cha dzira.
Likang'aluka, madziwo amapeza njira.

Dontho limodzi pakapepala.
Tonse awiri taleka kupuma.
Kapepala kasintha mtundu pang'onopang'ono, mwamanyazi.
Shuga alimo, akutero, ndipo mamina sakonda shuga.
Ine ndadzuka kale kuti ndithokoze.
Khalani pansi. Shuga ndi mboni yogulika:
kamagazi kakalowamo, ngakhale msozi,
amalumbira zabodza.
Mboni yeniyeni ndi puloteni ina
imene mamina saidziwa, misozi siidziwa,
ya m'madzi a ubongo.
Andilembera dzina lake kuseri kwa lisiti,
lili ndi nambala pakati, lilime langa lalikana.
Makina oifunsa kuno kulibe.
Madontho asanu ndi limodzi akwera ndege mawa.
Gerevaziyo sanakwerepo ndege.

Nanga podikira?
Asamine. Asanyamule thumba. Asawerame.
Agone mutu uli pamwamba.
Podontha denga, bambo, si mvula yokha imadutsa:
pomwe madzi akutulukira, tizilombo tingalowere pomwepo.
Thupi likatentha, khosi likauma,
musadikire kuti kuche.

Asawerame!
Munthu amene moyo wake wonse ndi kuwerama:
pakhasu, padimba, pamtondo wa injini,
patchalitchi Lamulungu.

Madzulo ndamuimbira nditaima pamlatho.
Akufunsa za anyezi, ndani athirira,
akufunsa ngati bokosi ndibweza lero
poti mayi uja ali ndi pakamwa.
Kenaka chete.
Ndikumva akukoka mphuno,
ndakuwa, usatero iwe! anthu mpaka atembenuka.
Akuseka. Akuti ndiye akhale bwanji,
ngati botolo la palafini lopanda chitsekerero?
Ndati eya, choncho, woongoka.

Pansi panga Zambezi akupita,
madzi osawerengeka, opanda wowalemba dzina.
Ine mtima uli pa asanu ndi limodzi
ogona mufiriji usiku uno,
ndi enawo, oti mawa akayankhe mafunso kutali
m'malo mwa mwini wake.
Lisiti ndalipinda kanayi.
Ayezi asungunuka. Bokosi likununkha nsomba.